Masiku Atatu Amene Anafufutidwa

Anthu ankawatchula kuti a Mamilimita, ngakhale ntchito yawo yeniyeni inali yautelala. Dzinalo linabwera chifukwa cha chitini. Kuseri kwa nyumba yawo, pabwalo losesedwa bwino kutali ndi mitengo, panali chitini choyezera mvula chimene a ofesi ya zamadzi anawaikira zaka 31 zapitazo. M'mawa uliwonse 8 koloko ikakwana, ankasiya makina osokera pakhonde, n'kukakhuthulira madzi a m'chitinimo m'kagalasi ka mizeremizere, n'kulemba nambala m'kope. Kukakhala kuti sikunagwe kanthu ankalembabe ziro. Munthu akawafunsa kuti yagwa bwanji, sankayankha kuti yambiri kapena yochepa. Ankati, "Mamilimita 14." Mwezi ukatha ankakopera manambalawo pakhadi, dalaivala wa ofesi n'kudzatenga.

Dalaivalayo ndi amene anabweretsa nkhaniyo. Anafika Lachitatu masana ndi buluku lofuna zipi yatsopano, n'kukhala pabenchi akudzikupiza ndi chipewa.

"Madala, mwamva kuti mlatho wathu uja wavomerezedwa?"

"Ndamva. Mulungu ndi wabwino. Tatopa n'kuvula nsapato powoloka."

"Makalavati atatu, mapaipi a simenti aja."

A Mamilimita anaimitsa phazi pachopondera. "Atatu? Pamtsinje uja?"

"Akuti masamu atero." Dalaivala anayang'ana kumsewu, kenako pansi. "Ine ndimangogwira chiwongolero, koma makutu sindiwasiya kunyumba. M'manambala anu aja achotsamo masiku atatu. Akuti ndi opeka."

"Opeka?"

"Musandiyang'ane choncho, si ine. Limodzi ndalikumbukira chifukwa bwana anaseka mpaka kutsokomola. 214."

Akazi a telalayo anali pakhomo akusita malaya a kasitomala. Anaimika simbi pa njerwa pang'onopang'ono. M'nyumbamo aliyense ankalidziwa tsiku la 214. Linali tsiku limene achimwene awo a mayiwo, mlamu wa a Mamilimita, wokonza njinga, anafika pachiwoloko madzulo akuchokera kuntchito. Ananyamula njinga paphewa monga ankachitira masiku onse, n'kulowa m'madzi. Anawapeza tsiku lachitatu.

Madzulo amenewo zipi ya dalaivala sinasokedwe. A Mamilimita anatulutsa makope onse m'bokosi, n'kuwayala patebulo lodulirapo nsalu. Mtima unkawawira ngati ketulo. Chimene chinkawapweteka kwambiri n'chakuti injiniya wa mlathowo, mayi wachitsikana wovala mandala, anali atabwera pakhomo pawo mwezi wathawo. Anapempha mwaulemu kuti aone chitini, anachiyeza ndi rula kunja ndi mkati, n'kulemba m'kabuku. Iwo anaganiza kuti akusirira mmene amachisamalira. Anamupatsa mpando, anamupatsa madzi akumwa m'kapu ya alendo, anamuperekeza mpaka kumsewu. Chonsecho mwanayo ankayeza kukula kwa bodza lawo.

Popemphera asanadye, mawu anawathawa. Anangoti, "Ambuye, Inu munaliona tsikulo." Akazi awo anati ameni.

M'mawa mwake anadikira 8 koloko, analemba ziro, kenako anaika makope m'thumba. Atatuluka anapeza akazi awo ataima pageti, nsapato zili kumanja.

"Inu mukupita kuti?"

"Komwe mukupita inuko. Inu mukapsa mtima mumasowa mawu, bambo. Mukangokaima pamenepo ngati mtengo wa magetsi."

Ofesi inali tsidya lina la mtsinje. Anawoloka madzi a m'mawondo, anapukuta mapazi ndi udzu, anavala nsapato, n'kukwera mtunda.

M'khonde la ofesiyo munali fungo la sopo wokolopera ndi mapepala akale. Pakona panali timatabwa toyezera madzi a m'mitsinje, tina tothyoka, tina tosuluka manambala, titaunjikidwa ngati nkhuni. Mayi wokolopa atawaona anasiya chidebe, anapukuta benchi ndi kansalu kouma, n'kunena kuti, "Khalani apa, apo panyowa." A Mamilimita anamuthokoza. Ngakhale mkwiyo unali pakhosi, anaona kuti mayiyo wapukuta benchi yonse, mpaka kumapeto komwe sikukhala munthu.

Anadikira ola ndi theka. Kenako anawalowetsa m'chipinda cha bwana wa ofesi, munthu wathupi, wa mafoni awiri. Injiniya uja anali momwemo ndi mapepala ake. Atawaona anaimirira.

"Aa, madala athu a mvula!" anatero bwana. "Mwabwera ndi katundu yense? Khalani, khalani. Nkhani yake ndi yaing'ono."

"Ndamva kuti ndine wabodza," anatero a Mamilimita.

"Palibe wanena zimenezo, bambo," anatero injiniya. "Ndiloleni ndikufotokozereni." Anatambasula mapu. "Mtsinje wanuwu sitikuudziwa. Thabwa loyezera madzi linaimapo zaka zinayi zokha, madzi n'kulitenga, ndipo palibe anaikaponso lina. Ndiye kuti tidziwe madzi ochuluka kwambiri amene angadutse pamlatho, timayambira kumwamba. Dera lonseli, kuchokera kumapiri uku, lili ngati denga la malata, ndipo mtsinje ndi ngalande yake. Tikadziwa kukula kwa denga, tikadziwa mvula yaikulu imene imagwa pa tsiku limodzi, tikachotsa imene imalowa m'nthaka, yotsalayo ndi imene imafika pachiwoloko."

"Ndiye kuti mukusoka buluku la munthu amene simunamuone. Mwangouzidwa kuchuluka kwa chakudya chimene amadya."

Injiniya anamwetulira pang'ono. "Mungatero."

"Ndipo masiku amene anadya kwambiri mwawachotsa."

Kumwetulira kuja kunatha. Anatenga pepala lina n'kuliika patsogolo pawo. Panali mizere itatu yofiira, yowongoka bwino, yojambulidwa ndi rula. Pansi pa mizereyo manambala ankaonekabe: 171, 187, 214.

"Chitini chanu ndinachiyeza ndekha," anatero. "Chimadzaza pa 130. Kupitirira pamenepo madzi amangotayika. Ndiye 214 inalowa pati? Komanso m'derali muli zitini zina zisanu za mtundu womwewo. Palibe n'chimodzi chomwe chinafikapo pamenepo."

"Madala, musadandaule," anatero bwana akuyang'ana foni. "Timadziwa mmene zimakhalira. Mvula ikakula munthu amasuzumira pawindo, n'kunena kuti ii, leroli ndi 200 ndithu. Ngakhale ine ndikanatero. Ndani akufuna chibayo?"

A Mamilimita anatsegula pakamwa, koma monga ananenera akazi awo, mawu sanatuluke. Zaka 31. Tsiku la ukwati wa mwana wawo wamkazi anachedwa kutchalitchi chifukwa cha chitinicho. Atadwala malungo anakwawa, atafunda bulangeti, kukawerenga mamilimita awiri. Ndipo lero munthu amene nsapato zake sizinaonepo matope akuwauza za pawindo.

"Bwana, funsani ine amene ndimachapa zovala zake," anatero akazi awo. Sanakweze mawu. "Bambo awa mvula ikakula, anthu onse akamathamangira m'nyumba, iwo amathamangira panja. Amati chitini chisefukira. Amakakhuthula, kuyeza, kubwezera, kubwera atanyowa ngati nkhuku. Pakapita maola angapo, apitanso. Ambulera amafunditsa kope, mutu uli pamtunda. Ndakhala ndikukangana nawo za zimenezi kuyambira ndili ndi mano onse."

A Mamilimita anali atapeza kope la chaka chimenecho. Analitsegula. Tsambalo linali lokwinyika, la mawanga a madzi. M'mphepete mwake munali timanambala ta pensulo: 1 koloko masana, 96. 4 koloko madzulo, 83. M'mawa, 35.

"Phatikizani," anatero. Linali liwu loyamba limene linawabwerera.

Injiniya anawerama. Sanafunikire makina owerengetsera. "Pakhadi simunalembe zimenezi."

"Khadi lanu lili ndi kabokosi kamodzi pa tsiku. Ndikanalemba pati? Pamsana pa dalaivala?"

Bwana anakoka kopelo ndi chala chimodzi, analiyang'ana, n'kulikankha. "Pensulo ndi pensulo, madala. Ilibe deti. Munthu angathe kulemba izi ngakhale dzulo."

Apa a Mamilimita anaimirira. Akazi awo anawagwira m'mphepete mwa jekete, koma iwo sankafuna kumenya munthu. Anatambasula dzanja kwa injiniya. "Ndipatseni pepala la anzangawo. Asanu aja osanama."

Anawapatsa. Anavala magalasi awo omangidwa ndi ulusi kumwendo umodzi, n'kuyendetsa chala pamanambala monga amachitira pofufuza msoko wophonyeka. Foni ya bwana inkanjenjemera patebulo.

"Uyu wa kusukulu, tsiku lake lalikulu, 130. Chaka china, 129. Uyu wa kuchipatala, 130. Wa kufamu, 128, 130, 130." Anakweza mutu. "Mayi, inu mwaphunzira. Anthu asanu, malo asanu, zaka zosiyanasiyana, mvula n'kumalekezera pamodzimodzi? Mvula imadziwa kuwerenga? Ikafika pa 130 imati basi, ndakwana, ndikapume?"

A Mamilimita anagogoda pepalalo ndi chala.

"Zitini zawo zinasefukira eni ake ali m'nyumba. M'mawa anapeza chodzaza, analemba chodzaza. Sindikuwanena, iwo amamvera akazi awo. Koma si ine ndinawonjezera madzi. Iwo ndi amene anataya. Ndipo inu mwatenga otaya kukhala mboni, wosunga mwamuyesa wakuba."

Injiniya anavula mandala n'kuwaika papepala. Anakhala akuyang'ana mzere wa manambalawo kwa nthawi yaitali.

"Ndinaziona zimenezi," ananena motsitsa. "Ndinaganiza kuti zikugwirizana."

Bwana anazimitsa foni. Nthabwala zinali zitamuthera. "Tamverani, madala. Mapulani anatha. Lachisanu mayiwa asainira, mwezi wamawa makina afika. Tikayamba kusintha, mlatho wa mizati ndi nkhani ina, ibwereranso kulikulu, ndipo chaka chino muiwale. Mukufuna anthu anu azivulabe nsapato chifukwa cha kope lanu? Kope limodzi silingagwetse makadi asanu. Mukanakhala ndi umboni wa mtsinje weniweniwo, bwenzi tikukamba zina. Koma mtsinje sulemba."

"Ulipo," anatero akazi a telala.

Onse anawayang'ana, ngakhale amuna awo.

"Pakhoma la kanyumba ka mpope, kumtunda kwa chiwoloko. Pali mizere yanga."

"Mizere yanji?" anafunsa a Mamilimita.

Mayiwo anayankha akuyang'ana injiniya, osati amuna awo. "Tsiku la 214 lanulo, mwanangu, madzi anatenga achimwene anga. Azibambo anapita kumunsi kukawafunafuna. Ine anandiletsa, ndiye ndinkaima pakanyumbapo. M'mawa woyamba madzi anali atatsika, koma pakhoma panatsala mzere wa zinyalala pamene anafika. Ndinatola msomali n'kukanda pamenepo. Kenako ndinkakanda pamene madzi ali, m'mawa uliwonse, mpaka anawapeza."

Bwana anatsokomola, n'kusuntha mapepala amene sankafunika kusuntha. "Pepani, mayi," anatero. Kenako anauza injiniya kuti, "Tengani galimoto. Koma Lachisanu ndi Lachisanu."

Dalaivala uja anabweretsa galimoto. Anatsegulira mayiwo chitseko cha kutsogolo, n'kuyala thaulo lake pampando chifukwa unali utatentha ndi dzuwa.

Kanyumba ka mpope kanali kosiyidwa kalekale, kopanda chitseko, kozunguliridwa ndi udzu wofika m'chiuno. Dalaivala anapondaponda udzuwo kuti pakhale njira. Kukhoma loyang'ana kumtsinje, pasimenti yakuda ndi ndere, panali mizere inayi yokandidwa mozama. Wapansi unali m'mawondo. Wapamwamba unali pamwamba pa mutu wa injiniya, ndipo pambali pake panali kamtanda.

"Munafikira bwanji pamenepo?" anafunsa injiniya.

"Ndinakwera pachitsulo icho."

A Mamilimita anaima patali pang'ono, thumba la makope lili m'manja. Zaka zonsezi ankaganiza kuti masiku atatu aja akazi awo ankangolira pamenepa. Anadutsa panjirayi kosawerengeka osadziwa kuti kuseri kwa khomalo kuli kope lina.

"Simunandiuzepo," anatero.

"Munandifunsa? Ndakhala ndi munthu woyezayeza moyo wanga wonse. Manja akasowa chochita amachita zimene amaona."

Injiniya anatulutsa tepi ndi makina ake a miyendo itatu. Dalaivala anagwira ndodo ya manambala, akuyenda uku ndi uko monga ankamulozera, mpaka kulowa m'madzi buluku atapinda. Anayeza kuchokera pamzere wapamwamba kufika pansi pa mtsinje, anayeza kutambalala kwa chigwa mpaka tsidya linalo, anayeza kutsetsereka kwa mtsinje. Zinatenga maola awiri. Akazi a telala anakhala pamwala mumthunzi. A Mamilimita anakana kukhala.

Pomaliza injiniya anayala mapepala pa boneti, n'kuyamba masamu. Anawerengera kawiri. Kenako anaitana a Mamilimita.

"Ndikaika 130, madzi a tsiku limenelo amafika apa." Anapita kukhoma n'kuloza pang'ono pamwamba pa mzere wa m'mawondo. "Ndikaika 214, amafika apa." Anakweza dzanja mpaka linatsala chikhatho chimodzi kuti likhudze kamtanda. "Masamu amenewa si olondola ngati rula, bambo. Amaphonya. Koma saphonya kuchoka apa kufika apo."

"Nanga makalavati anu atatu?"

"Sangatenge ngakhale theka. Madzi angadutse pamwamba. Ndipo anthu akaona mlatho amaukhulupirira, amalowa."

Kumunsi, pachiwoloko, amayi awiri ankawoloka atanyamula mitolo pamutu, nsapato zili kumanja.

"Lachisanu sindisainira," anatero injiniya. "Bwana akalipa, koma dzina lolembedwa papepalapo ndi langa. Mudziwe kuti mlatho uchedwa, mwina chaka, mwina kupitirira. Anthu akamva kuti nkhani inayambira kwa inu, sakusekererani."

"Amandiseka kale. Kusekerera sindikudziwa."

Injiniya anatenga pepala la mizere yofiira lija, analiika pa boneti, n'kuwapatsa cholembera. "Bwezeranimo manambala anu."

A Mamilimita anachiyang'ana cholemberacho, koma sanachilandire. Mkwiyo unali usanathe. Unali utangokhala pansi.

"Ine ndinalemba kale, mayi. Kamodzi n'kokwanira. Munafufuta ndinu, lembani ndinu."

"Bambo!" anatero akazi awo ali pamwala.

"Ayi, akunena zoona," anatero injiniya. Anawerama n'kulemba pambali pa mzere uliwonse, 171, 187, 214, n'kusainira pamapeto pake. A Mamilimita anavala magalasi n'kuona nambala iliyonse.

"Seveni wanuyu akuoneka ngati wani. Mudutseni pakati, wina angadzanene kuti ndi 111."

Anamudutsa. Kenako anati, "Ndikupempha makopewa. Ndikufuna ndikopere zonse za m'mphepetezo, masiku onse amene munakhuthula kawiri. Zingatiuze mmene mvula imagwera pa ola, chinthu chimene tilibiretu. Ndibweza Lolemba."

A Mamilimita anakumbatira thumba lija. "Makope awa salowanso mu ofesi ija. Kuli cholembera chofiira kumene kuja. Mukafuna kukopera, khonde langa mukulidziwa."

"Loweruka?"

"Ikadutsa 8 koloko. Isanakwane ndimakhala ndi ntchito."

Akazi awo anadzuka pamwala, anapita kukhoma, n'kupukuta ndere pamzere wapansi ndi ngodya ya mpango wawo. Wapamwambawo sakanaufikiranso. Dalaivala ataona, anakwera pachitsulo chija n'kuupukuta ndi chipewa chake mpaka kamtanda kanaonekera bwino. Atatsika anati, "Madala, nanga zipi yanga ija? Ndatsala ndi buluku limodzi, ndipo ndi ili lanyowali."

"Mawa."

"Munateronso dzulo."

"Dzulo ndinali wabodza," anatero a Mamilimita akuvula nsapato kuti awoloke. "Lero mungandikhulupirire."

Akazi awo anatembenukira kwa injiniya. "Loweruka mubwere ndi juzi, mwanangu, pakhonde paja pamazizira m'mawa. Ndipo akayamba kukuuzani za mvula ya chaka chilichonse, musachite manyazi kunena kuti mwatopa. Ine ndimanena."